Ku Nanjing: nambala pakhoma, mayina ochepa

Lachisanu

Ndafika ku Nanjing madzulo ano pa sitima yothamanga yochokera ku Shanghai. Mtunda wa makilomita pafupifupi 300 yaudya ola limodzi ndi theka lisanakwane, tiyi yemwe ndinagula pasiteshoni akadali wofunda. Ulendo wanga weniweni ndi wa ku Yiwu kukaoda katundu, koma mlongo wanga anandilumbiritsa kuti ndisabwerere kumudzi osamuona mwana wake yemwe akuphunzira za zomangamanga kuno. Mnyamatayo ndamupeza wanenepa, ndipo Chitchaina akuchilankhula mpaka woyendetsa takisi kumaseka naye.

Kunja kukuzizira kolowa m'mafupa. Wanditengera pa kamalo kena kodyera komwe amagulitsa supu wa magazi a bakha ouma, odulidwa timabenthu. Ndinayamba ndi mantha koma mbale ndaipukuta. Bakha ndiye ndiwo ya mzinda uno, makamaka wophikidwa m'madzi a mchere n'kudyedwa wozizira.

Tili pakudya wandifunsa pasipoti. "Amalume, Lamulungu tipita ku Jiangdongmen. Kulowa n'kwaulere, koma amafuna tilembetse pafoni nthawi ikadalipo." Ku Jiangdongmen ndi komwe kuli nyumba yokumbukira anthu omwe asilikali a ku Japan anawapha mumzinda uno mu 1937. Kusukulu tinaloweza kuti nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inayamba mu 1939 Hitler atalowa m'dziko la Poland. Kuno ukanena zimenezo akuyang'ana ngati wabwera mochedwa pamsonkhano, chifukwa pofika 1939 iwo anali ataika kale maliro ambirimbiri.

Loweruka

Lero tinakwera linga la mzindawu pa chipata cha Zhonghua, kummwera. Lingali linamangidwa m'zaka za m'ma 1300, nthawi ya mfumu Zhu Yuanzhang, yemwe anayambitsa ufumu wa Ming. Chipatacho pachokha ndi mudzi: zipata zinayi zotsatizana, mabwalo pakati pake, ndi mapanga osungiramo asilikali ndi chakudya. Chomwe chandigwira mtima ndi njerwa. Zambiri zili ndi zilembo zodindidwa, ndipo mphwangayu akuti ndi mayina a woumba, wootcha, ndi akuluakulu a boma la dera komwe njerwayo inachokera. Njerwa ikapezeka yofooka, ankadziwa khomo loti akagogode. Ndiye patha zaka zoposa 600 ndipo dzina la woumba njerwa likuwerengekabe.

Tili pamwamba pomwepo anandiyalira nkhani yonse, akuloza ndi chala. Nkhondo inabuka mu Julayi 1937 kufupi ndi Beijing. Kuyambira Ogasiti mpaka Novembala anamenyana koopsa ku Shanghai, ndipo Matchaina atagonja kumeneko, njira ya ku Nanjing inatseguka. Nanjing ndiye linali likulu la dziko nthawi imeneyo. Boma la Chiang Kai-shek linasamukira kumtunda kwa mtsinje wa Yangtze, olemera nawo anathawa, n'kutsala amphawi, othawa nkhondo ochokera m'midzi, ndi asilikali otopa pansi pa mkulu wawo Tang Shengzhi. Mkuluyu analonjeza kufera pamodzi ndi mzinda. Pa 12 Disembala analamula kuti asilikali abwerere m'mbuyo, iye n'kuwoloka mtsinje. Lamulolo silinafike kwa onse, maboti analibe okwanira, ndipo asilikali zikwizikwi anatsala atapanikizika pakati pa linga ndi madzi. Ambiri anavula yunifolomu n'kusakanikira ndi anthu wamba. Pa 13 Disembala Ajapani analowa mumzinda, ndipo chipata chomwe tinaimapo ndi chimodzi mwa zomwe anazilanda ndi mizinga.

Madzulo tinadutsa ku Fuzimiao, dera la kachisi wa Confucius, m'mbali mwa mtsinje wa Qinhuai. Nyali zofiira, maboti a alendo, anthu ojambulana pena paliponse. N'kokongola, koma ine miyendo inali itandikana kale.

Lamulungu

Tinakwera sitima ya pansi pa nthaka, Line 2, n'kutsikira pa Yunjinlu. Mzere wolowera unali wautali: mabanja, ana a sukulu, okalamba pa njinga za olumala. Ena anali atanyamula duwa limodzi loyera kapena lachikasu, lomwe amagula panja pomwepo.

Usanafike pakhomo umayenda m'mbali mwa ziboliboli za mkuwa zomwe anaumba Wu Weishan. Choyamba ndi cha mayi wamtali ngati nyumba yosanjikiza, mutu wapendekera kumwamba, m'manja muli mwana wakufa. Zotsatira ndi zing'onozing'ono, anthu akuthawa: mnyamata wabereka agogo ake, wina akukoka mkazi wake yemwe sangathenso kuyenda. Nyumbayo ndi yotuwa, yosongoka ngati lupanga lothyoka, ndipo bwalo lake lathiridwa timiyala tosweka, popanda udzu. Phokoso la pamzere linathera pamenepo popanda wouza anthu kuti akhale chete. Pali mtanda waukulu wolembedwa 1937.12.13 mpaka 1938.1, nthawi yomwe kuphako kunachitika, ndi khoma lakuda pomwe nambala 300,000, chiwerengero cha ophedwa, yalembedwa pamodzi ndi mawu a m'zilankhulo zingapo.

Nambala imeneyo uionanso kambirimbiri mkatimo. Koma chipinda choyamba chomwe chinandiimitsa ndi cha zithunzi za opulumuka. Ena zithunzi zawo zili ndi kuwala kumbuyo, ena nyali inazimitsidwa. Wina akamwalira, ogwira ntchito pamalopo amasonkhana n'kuzimitsa nyali yake. Zowala zatsala zochepa kwambiri, ndipo eni ake anali ana pa nthawiyo.

Zomwe zili m'zipinda zotsatira sindingazilembe zonse, ndipo zina sindikufuna. Asilikali a ku Japan ankalowa m'nyumba ndi m'misasa kufunafuna omwe anavula yunifolomu. Ankayang'ana m'manja ngati muli mokhakhala, pamapewa ngati pali chipsera cha katundu, pamphumi ngati pali mzere wa chipewa. Mwa njira imeneyo anatenga okoka ngolo zonyamula anthu, akalipentala, onyamula katundu padoko, alimi. Ankawamanga m'magulu, kuwatsogoza kumtsinje kapena kumaiwe, kuwaombera ndi mfuti za chiwaya, kubaya ndi mipeni ya kumfuti omwe akupumabe, kenako kuthira mafuta n'kuyatsa. Amayi ndi atsikana ankagwiriridwa m'nyumba zawo, achibale akuona, ndipo ambiri ankaphedwa pambuyo pake. Bwalo la milandu la ku Tokyo, lomwe linazenga akuluakulu a ku Japan nkhondo itatha, linapeza kuti amayi pafupifupi 20,000 anagwiriridwa m'mwezi woyamba wokha.

Pali tsamba la nyuzipepala ya ku Tokyo ya nthawi imeneyo lomwe analikulitsa. Asilikali awiri, Mukai Toshiaki ndi Noda Tsuyoshi, aima atatsamira malupanga awo, ndipo nkhaniyo ikuwachemerera pa mpikisano woti ndani ayambe kupha anthu 100 ndi lupanga. Mutu wake ukuti wina wafika 106, wina 105. Inalembedwa ngati zotsatira za mpira. Awiriwa anaweruzidwa ku Nanjing konkuno n'kuomberedwa mu Januwale 1948. Ndinaima nthawi yaitali pa tsambali, osati chifukwa cha asilikaliwo, koma poganizira mkonzi yemwe anaiwerenga nkhaniyo muofesi yake n'kuona kuti anthu aikonda.

Pali kamera ya John Magee, mbusa wa ku America yemwe ankajambula mobisa anthu ovulala pachipatala. Mnzake George Fitch ndiye anatulutsa filimuyo mumzinda ataisokerera m'chikhoti. Mufilimuyo muli Li Xiuying, mayi woyembekezera yemwe analimbana ndi asilikali ofuna kumugwirira. Anamubaya malo 37, mimba inachoka, koma iye anakhala ndi moyo mpaka 2004. Muli nkhani ya Xia Shuqin, yemwe anali ndi zaka 8 pomwe anthu 7 a m'banja mwake anaphedwa tsiku limodzi. Iye anabayidwa n'kukomoka, ndipo atatsitsimuka anakhala masiku angapo m'nyumbamo ndi mng'ono wake wa zaka 4, mitembo ili pomwepo. Atakalamba, wolemba wina wa ku Japan analemba kuti ndi mboni yabodza. Gogoyu anamusumira kukhoti la ku Tokyo ndipo anapambana mlanduwo mu 2007.

Kenako umatuluka panja n'kulowa nyumba ina yaing'ono, yamdima. Malo ano sanasankhidwe mwachisawawa: Jiangdongmen ndi limodzi mwa malo omwe anthu anaphedwera n'kukwiriridwa. Mu 1998 ndi 1999 anafukulapo mafupa a anthu 208, ndipo anawasiya momwe anawapezera, m'dothi momwemo, aliyense ali ndi kanambala pambali. Ena ndi a ana. Ena zigaza zili ndi zibowo. Kujambula n'koletsedwa, ndipo sindinaone ndi mmodzi yemwe akuyesera.

Penanso pali kachipinda komwe dontho la madzi limagwa pakatha masekondi 12 aliwonse, ndipo likagwa chithunzi cha munthu mmodzi chimawala n'kuzimanso. Mphwanga, monga wa masamu, anandinong'oneza kuti ndigawe milungu isanu ndi umodzi yomwe kuphako kunatenga ndi 300,000. Zimabwera masekondi 12.

Pomwe ndinakhalitsa ndi pa khoma la mayina, lomwe anthu a kuno amabwera kudzalirirapo abale awo. Ndi lalitali, la mwala wotuwa, ndipo amalionjezera akapeza mayina ena. Koma onse pamodzi angopitirira pang'ono 10,000. Mphwanga anandiwerengera angapo, ndipo ena si mayina enieni, angolembedwa kuti mkazi wa uje, mwana wachiwiri wa uje. Kwathu maliro a munthu wosadziwika amasowetsa mtendere mudzi wonse; mfumu siilola kuti manda akumbidwe isanamve kuti malemu ndi mwana wa yani, wa kumtundu uti, mwini mbumba ndi ndani. Kuno anthu okwana mzinda wathunthu anapita popanda wowatchula, chifukwa nthawi zambiri woti akanawatchulayo anagona nawo m'dzenje lomwelo.

Potulukira pali dziwe lalitali ndi chipilala cha mayi wanyamula mwana, dzanja lina akuulutsa nkhunda. Anthu anayambiranso kujambulana pamenepo. Ife tinakwera sitima osalankhulana. Chakudya chamadzulo chandikanika, ndangomwa tiyi.

Lolemba

Nyumba ya chikumbutso imatseka Lolemba lililonse, wofuna kubwera adziwiretu. Mphwanga anali ndi kalasi m'mawa, ndiye masana ndi pomwe tinapita kumtsinje, kudzera pa chipata cha Yijiang. Apa ndi pomwe asilikali othawa anapondana usiku wa pa 12 Disembala, aliyense akulimbira kutulukira padoko. Lero ndi msewu waukulu wa mabasi.

Yangtze ndi wotakata moti tsidya linalo limaoneka ngati nkhungu. Pa doko la Zhongshan pakadali boti lowolotsa anthu kupita tsidya lina ku Pukou, ndipo tinakwera pamodzi ndi anthu a njinga zamoto zamagetsi ochokera kuntchito. Pafupi ndi dokolo pali mwala wa chikumbutso, waung'ono, wosavuta kuudutsa osauona. Miyala yotere ilipo yambiri m'mbali mwa mtsinjewu, ku Caoxiexia, ku Yanziji ndi kwina, paliponse pomwe gulu la anthu linaomberedwa. Mtsinje ndiwo unatenga mitembo yambiri, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe chiwerengero chimavutira.

Nkhani ya chiwerengeroyi tinaikambirana pabotipo. Bwalo la ku Nanjing lomwe linaweruza Tani Hisao, mmodzi mwa akuluakulu a asilikali a ku Japan, mu 1947 linati anthu oposa 300,000. Bwalo la ku Tokyo linati oposa 200,000 m'milungu isanu ndi umodzi yoyambirira, potengera mbali ina zolemba za mabungwe achifundo omwe ankatola mitembo n'kuikwirira, monga Red Swastika Society ndi Chongshantang. Akatswiri a mbiri a ku Japan amatchula ziwerengero zosiyanasiyana. Hata Ikuhiko anati pafupifupi 40,000, ena amafika 200,000. Kusiyanaku kumachokera pa malire a dera lomwe ukuwerenga, masiku omwe ukuwerenga, komanso ngati asilikali ogwidwa n'kuphedwa akulowa m'gulumo. Ndiye pali kagulu kena ku Japan komwe kamati zonsezi n'zopeka. Amenewo sindiwaika pamodzi ndi akatswiri aja. Munthu angatsutse nambala ali ndi zifukwa, koma zolemba za tsiku ndi tsiku za asilikali a ku Japan eni ake zilipo, ndipo ena mwa iwo, monga Azuma Shiro, anabwera kuno atakalamba kudzapepesa.

Ine chomwe chikundivuta n'chakuti mkangano wa nambala ukanachepa zikanakhala kuti mayina anasonkhanitsidwa msanga. Nyumba ija inatsegulidwa mu 1985, patapita zaka 48. M'zaka za ulamuliro wa Mao Zedong nkhaniyi sinkakambidwa kwambiri. Ophedwawo anali a likulu la boma la Chiang Kai-shek, mdani wa chipani cholamula, ndipo mu 1972 China inakonza ubale ndi Japan n'kusiya kufuna chipepeso cha ndalama. Chomwe chinadzutsa nkhaniyi ndi mkangano wa mu 1982 wokhudza momwe mabuku a sukulu a ku Japan ankafotokozera nkhondoyo. Pofika nthawi yoyenda khomo ndi khomo kufunsa okalamba, ambiri odziwa mayina anali atamwalira. Kuyambira 2014, pa 13 Disembala ndi tsiku la dziko lonse lokumbukira, ndipo mphwanga akuti ma sayirini akalira m'mawa wa tsikulo magalimoto amaima pamsewu n'kuliza mahutala.

Nditayamba kufunsa ngati anthu omwe anafa ndi njala m'dziko lino chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 ali ndi nyumba yotere, mnyamatayo anayang'ana uku ndi uku. "Amalume, zimenezo tikakamba kuchipinda." Ndinamumvera, ndi iyeyo wotsala kuno. Boma lililonse limasankha maliro oti lilire mokweza. Izi sizichotsa kanthu pa mafupa omwe ndinawaona dzulo.

Pobwerera ndinamukumbutsa kuti nkhondo imeneyi inafika ndi kwathu komwe. Asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland anatumizidwa ku Burma, ndipo mu 1944 anamenyana ndi Ajapani m'chigwa cha Kabaw mvula ili pachimake. Anzake a m'kalasi akuti sakhulupirira akawauza kuti anthu akuda a kumudzi kwathu anamenya nawo mdani yemweyo.

Lachiwiri

M'mawa tinapita ku Xiaofenqiao nambala 1, m'mphepete mwa Nanjing University. Ndi nyumba ya njerwa yosanjikiza, ya bwalo laling'ono, momwe munkakhala John Rabe, Mjeremani woyang'anira ofesi ya kampani ya Siemens. Azungu ochepa omwe anakana kuthawa, opitirira pang'ono 20, ambiri a iwo amishonale, madokotala ndi aphunzitsi, anakhazikitsa dera lachitetezo la ma sikweya kilomita osakwana anayi, n'kusankha Rabe kukhala wapampando. Anamusankha dala: anali membala wa chipani cha Nazi, ndipo Germany inali paubwenzi ndi Japan. M'deralo munathawira anthu oposa 200,000. Pabwalo la nyumba yake pokha panagona anthu oposa 600. Ndaliyang'ana bwalolo ndipo sindikumvetsa kuti anakwanapo bwanji m'nyengo yozizira ngati ino.

Munthuyu amasokoneza mutu. Ankathamangitsa asilikali ogwirira amayi powaonetsa swastika, chizindikiro cha Nazi, pamkono pake, ndipo pabwalo anayala mbendera yaikulu ya Nazi kuti ndege zisaponyepo mabomba. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti Hitler akamva zomwe zikuchitika aletsa. Atabwerera kwawo mu 1938 anamulembera lipoti, ndipo omwe anabwera kudzamuyankha ndi a Gestapo, apolisi achinsinsi a Nazi, omwe anamugwira n'kumuletsa kukambanso za Nanjing. Nkhondo itatha anasauka mpaka banja lake kusowa chakudya. Anthu a ku Nanjing atamva mu 1948 anasonkha ndalama n'kumamutumizira zakudya. Anamwalira mu 1950, ndipo zolemba zake za tsiku ndi tsiku zinadziwika ku dziko mu 1996. Sindikufuna kumuyeretsa, chipani chomwe analowa tikuchidziwa. Koma anali ndi mpata wokwera boti n'kuchoka ngati anzake, ndipo sanakwere.

Kuchoka apo tinayenda wapansi kupita komwe kunali Ginling College, sukulu ya atsikana, yomwe pano ndi gawo la Nanjing Normal University. Mnzake wa mphwanga wophunzira pamenepo ndiye anatilowetsa. Nyumba zake ndi za madenga opindika m'mphepete ndi nsanamira zofiira, pakati pali kapinga. Minnie Vautrin, mphunzitsi wa ku America, anasunga pano amayi ndi ana ofika 10,000 pa sukulu yomangidwira mazana ochepa. Usiku ndi usana ankathamanga kuchoka nyumba ina kupita ina kukatulutsa asilikali olowera kumpanda, ndipo tsiku lina anamumenya mbama. Mbali ina ya ntchito yake ndi yomwe yandikhudza kwambiri: kupha kutachepa, amayi ankabwera kwa iye kudzanena za amuna ndi ana awo omwe anatengedwa, ndipo iye ndi anzake ankalemba mayinawo n'kukawapereka kwa akuluakulu a Ajapani kupempha kuti omwe ali moyo amasulidwe. Mu 1940 anadwala maganizo n'kubwerera ku America, ndipo mu Meyi 1941 anadzipha.

Dokotala Robert Wilson naye anatsala, ndipo kwa nthawi ndithu anali yekha wochita maopaleshoni mumzinda wonse. Chipatala chake chikugwirabe ntchito pafupi ndi Gulou, tinangochiona tikudutsa. Pa akuluakulu a nkhondo, Matsui Iwane ananyongedwa ku Tokyo mu Disembala 1948. Kalonga Asaka, yemwe ankalamulira asilikali pa nthawi yolanda mzindawu, sanaimepo pabwalo la milandu chifukwa anali wa banja lachifumu, ndipo anamwalira ndi ukalamba mu 1981.

Sitima yanga ya ku Yiwu ndi ya mawa m'mawa. Kwa inu amalonda anzanga omwe mumatera ku Shanghai: Nanjing ili pafupi moti mutha kupita m'mawa n'kubwerera madzulo. Tengani pasipoti, lembetsani malo pafoni tsiku lisanafike, ndipo konzani maola osachepera atatu. Zolembedwa zambiri mkatimo zili m'Chitchaina, Chingelezi ndi Chijapani, choncho womasulira safunika kwenikweni kupatula pa khoma la mayina. Ana aang'ono ine sindingawalowetse m'chipinda cha mafupa, ngakhale makolo ena ndinawaona akulowa nawo. Mphwanga wandipatsa bakha wa mchere womata m'pulasitiki kuti ndikapereke kwa mayi ake, ndipo ndamuuza kuti za nyama pabwalo la ndege sindilonjeza.